Mlembi Wotchuka Akasankha Kudzipatula

Buku likatchuka, anthu amafunanso kudziwa mwini wake: komwe amakhala, banja lake, ngakhale chimene analekera kulemba. Alembi ena amakana zimenezi. J.D. Salinger wa ku America, yemwe anatchuka ndi buku la The Catcher in the Rye mu 1951, anakakhala kwayekha ku Cornish mu 1953, ndipo kuchokera mu 1965 sanatulutsenso kanthu mpaka anamwalira mu 2010. Mu 1987 khoti linaletsa Ian Hamilton, yemwe ankalemba mbiri ya moyo wa Salinger, kugwira mawu a m'makalata osasindikizidwa a mlembiyu. Kodi munthu akapereka buku kwa anthu, ndiye kuti waperekanso moyo wake?

M'midzi ya Achewa monga ya ku Mpingu, Nsaru ndi Kabudula, munthu wodzipatula sayamikiridwa. Amati kali kokha n'kanyama. Wosaoneka pamaliro amamunena kuti ngodzikuza, pena kumuganizira ufiti, ndipo zovuta zikamugwera adzukulu amatha kunyanyala kukumba manda.

Komatu mwambo womwewo umasiyanitsa ntchito ndi mwini ntchito. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005, amavinidwa pabwalo mudzi wonse ukuonerera. Amayi owomba m'manja amatha kuzindikira kapondedwe kapena kachipsera pamwendo wa wovina, koma dzina satchula: chatuluka kudambwe ndi chilombo basi. Wotchula amakalipa mlandu kwa amfumu. Mudzi umalandira gule, wa m'kati mwa chigoba n'kumusiya. Owerenga nawonso gawo lawo ndi buku.

Ku Malawi kukhala chete kwa alembi kuli ndi mbiri yakenso. Legson Kayira, wolemba I Will Try, anatulutsa The Detainee mu 1974 ali kunja, ndipo anakhalabe ku England mpaka anamwalira mu 2012. Jack Mapanje anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Wodutsa m'nyengo yotere akakana kuyankhula ndi mtolankhani, si bwino kuthamangira kumutcha wonyada.

Malamulo aakulu a dziko a 1994 amateteza ulemu wa munthu pa gawo 19 ndi zinsinsi zake pa gawo 21, ndipo kutchuka sikufafaniza ufuluwu. Malire alipo: mlembi akapalamula mlandu kapena akakhala paudindo wa boma, anthu ayenera kudziwa. Buku lake aliyense angalidzudzule mmene akufunira. Koma kumujambula mobisa pakhomo pake, kapena kumwaza makalata ake pa Facebook, ndi kumulakwira, ngakhale wochitayo akhale wokonda mabuku ake.