Mzati wa Pakati pa Nyumba

Padangokhala mnyamata wina mumzinda wa Zomba amene ankagwira ntchito yojambula mapulani a nyumba. Anali wachangu zedi. Anzake akamasakabe pomwe adasunga ntchito ya dzulo, iye amakhala atakweza kale makoma pa kompyuta, zitseko ndi mawindo zili m'malo mwake. Pulogalamu ya ArchiCAD, ija imapangidwa ndi kampani ya Graphisoft ya ku Budapest, ankaidziwa bwino kwambiri. Bwana wake, mayi wa imvi amene adayamba ntchitoyi nthawi ya pensulo ndi rula, ankamunyadira, koma chimodzi chinkawadetsa nkhawa: mnyamatayo ankakonda kutamandidwa, ndipo mawu okhumudwitsa kasitomala sankatuluka pakamwa pake.

Tsiku lina kudabwera mayi wamasiye. Anali ndi nyumba yakale ya njerwa zowotcha yomwe adawasiyira amuna awo, ndipo ankafuna kugwetsa khoma logawa khitchini ndi chipinda chodyera, kuti adzukulu akabwera pa Khirisimasi azikwana onse malo amodzi.

Kukonzanso nyumba yakale n'kovuta kuposa kumanga pabwalo, chifukwa wojambula amayenera kufotokoza zinthu zitatu nthawi imodzi: zomwe zilipo, zomwe zigwetsedwe ndi zomwe zimangidwe. Kuyambira mu 2011, pomwe idatuluka ArchiCAD 15, chilichonse chojambulidwa mmenemo chimanyamula chizindikiro chimodzi mwa zitatu: Existing, To be Demolished kapena New. Khoma limachinyamula, chitseko chimachinyamula, ngakhale kamzere kamodzi kapena mawu olembedwa pambali. Pamwamba pake pali Renovation Filter, yomwe imagwira ntchito ngati sefa ya ufa. Wojambula amaiuza gulu loti lionekere, gulu loti libisike, ndi gulu loti lionekere koma litasintha mtundu kapena kalembedwe ka mizere. Mu ofesi imeneyi, pulani ya ogwetsa inkaonetsa zogwetsa zonse mwachikasu, pomwe pulani ya nyumba yomalizidwa inkazibisa. Mapepala ndi ambiri, koma onse amachokera m'nyumba imodzi yomweyo yomangidwa mu kompyuta.

Mnyamata uja adapita ndi tepi kukayeza. Pakati pa khoma lofuna kugwetsedwalo adapeza kuti njerwa zatukumuka, malowo ndi okhuthala kuposa pena ponse. Unali mzati, ndipo pamwamba pake padagona mtanda wa konkire. Atabwerera ku ofesi adajambula zonse moona: khoma adalipatsa chizindikiro cha kugwetsa, mzati adausiya m'gulu la zokhalapo, mtanda adauonetsa ndi mzere wodukizadukiza monga amachitira ndi chinthu chomwe chili pamwamba pa mutu.

Madzulo, mawa lake kukubwera mayi aja, adatsegula pulani ya nyumba yomalizidwa. Khoma lidazimirira bwinobwino. Koma pakati pa chipinda chachikulucho padaima mzati, ndipo mzere wodukiza uja udadula chipindacho pawiri. Zidamunyansa. Adaona kale m'maganizo nkhope ya mayiwo ikugwa.

Za mzerewo njira yabwino inalipo. Akadauika pa layer yakeyake, kutanthauza chigawo cha zojambula chotha kubisidwa pachokha, n'kuizimitsa pa pepala la kasitomala lokha, mzerewo ukadakhalabe pa mapepala a amisiri. Pulogalamuyo imalolanso kumangirira mzere ku sefa imodzi kuti uzioneka kumeneko kokha. Koma mzati sunali chinthu chobisa, pakuti mayiwo ndiwo adzakhale nawo masiku onse. Bwana anali m'chipinda choyandikana, chitseko chili chotsegula. Mnyamatayo adayang'ana chitsekocho, kenako adadina mzati, n'kudinanso mzere uja, zonse adazipatsa To be Demolished. Chipinda chidayera mbee.

"Ndibwezera mawa mayiwa akangopita," adadziuza yekha.

Mayi wamasiye ataona chithunzicho adaomba m'manja. "Mwana wanga, Mulungu akudalitse. Malo onsewa ndi m'nyumba mwanga momwe muja?" Mnyamatayo adamwetulira, osanena kanthu za mzati. Apa m'pomwe ine ndimamuwerengera mlandu waukulu, chifukwa kudina kuja kukadakonzeka m'kanthawi kochepa, koma chete uyu ndiye adatseka njira yobwerera.

Mawa lija lidabwera ndi ntchito zina. Sabata yotsatira kapitawo wa amisiri adatumiza mwana kudzatenga pulani ya ogwetsa, ndipo mnyamatayo adangoisindikiza n'kuipinda osaiyang'ana. Pa pepalalo khoma linali lachikasu, mzati wachikasu, mzere wa mtanda nawonso wachikasu.

Anyamata a kapitawo adayamba m'mawa ndi mahamala. Khoma la mbali iyi lidagwa, la mbali inayo lidagwa. Mmodzi adalavulira m'manja n'kuyamba mzati. Atamenya kachitatu, fumbi lidayoyoka kuchokera ku siling'i, ndipo kamng'alu kadathamanga pa pulasitala kulowera kungodya.

"Imani! Tulani pansi hamalayo!" adakuwa kapitawo.

Anali mdala wakale pantchito, wa chipewa chotuwa ndi simenti. Adatenga makwerero ndi tochi, adalowa kudenga kudzera pa kabowo ka siling'i. Adapeza matabwa onyamula malata atatsamira pa mtanda, mtandawo utatsamira pa mzati womwe udali utataya kale njerwa zingapo. Adatsika mwakachetechete, adatulutsa aliyense m'nyumbamo, natuma anyamata kukatenga mitengo ya bulugamu yochirikizira mtandawo mbali zonse ziwiri. Atamaliza m'pomwe adaimba foni ku ofesi.

Bwana ndi mnyamata adafika limodzi. Kapitawo adayala pepala lija pa mulu wa njerwa, chala chili pa chikasu. "Achimwene, mwandilembera kuti ndigwetse nyumba ya amayiwa ndili mkati ndi ana a eni ake?"

"Kompyuta iyenera kuti yasokoneza, bambo," adatero mnyamatayo, maso ali pansi.

Bwana sadakweze mawu. Adatsegula laputopu pomwepo, adadina mzati, chizindikiro chake chidaonekera. Kenako adayamba kusintha sefa imodzi ndi imodzi, pulani ya zokhalapo, ya ogwetsa, ya pambuyo pogwetsa, ya zomanga, ya nyumba yomalizidwa, mzati ukuonekera, kusanduka wachikasu, n'kuzimirira.

"Yanena zomwe udaiuza," adatero. "Chizindikiro ichi ndi lamulo kwa munthu wogwira hamala. Iwe wachigwiritsa ntchito pokongoletsa chithunzi. Ndinali m'chipinda chinacho, bwanji sudandifunse?"

"Safunsa adadya phula," adang'ung'udza kapitawo akupinda pepalalo.

Chomuwawa kwambiri mnyamatayo chidabwera pambuyo. Bwana adati iye mwini apite kwa mayi wamasiye, yemwe masiku amenewo ankagona kwa mwana wawo, akawafotokozere. Adapita, adakhala pampando wapakhonde, adanena zonse osasiyako. Adawauzanso njira ziwiri zomwe zidatsala: kuitana injiniya kuti awerengere mtanda wachitsulo wotha kunyamula denga popanda mzati, zomwe zinkafuna ndalama zambiri, kapena kuumanganso mzatiwo pamalo pake.

Mayiwo adakhala chete nthawi yaitali. "Mzati umenewo ndimaudziwa," adatero. "Malemu ankati ndiwo wagwira nyumba yonse. Nditaona chithunzi chako ndidaganiza kuti ana a masiku ano mwapeza nzeru ina. Ukadandiuza tsiku lomwe lija, ndikadangoti usiye, tiziika tebulo pambali pake. Ndalama za chitsulo ndilibe. Kaumangeni."

Njerwa ndi simenti zokonzera mzati ndi siling'i idalipira ofesi, ndipo mnyamatayo adadulidwa gawo la malipiro a mwezi umenewo. Adabwezera mzati ndi mzere wa mtanda m'gulu la zokhalapo, mzerewo adauika pa layer yake, ndipo asadasindikize adadutsa m'masefa onse asanu bwana ataima pambali pake. Kapitawo adalandira pepala latsopanolo, adaliyang'ana bwinobwino, kenako adatulutsa choko m'thumba n'kumupatsa mnyamatayo.

"Pepala ndalandira, achimwene.  Koma lowani mulembe nokha chizindikiro pa chilichonse chomwe mukuti tigwetse, ine ndikwera kudenga ndikaone chomwe chagonapo."