Khutuba ya Jumu'a: Chipepeso cha Mwana Wochitidwa Nkhanza

Atamandike Allah, Mtetezi wa ofooka. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wake Muhammad, amene anakula ali wamasiye, pa akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Inu akapolo a Allah, opani Allah pa nkhani ya ana, pakuti mwana ndi amana imene tasungitsidwa.

Ku Australia, bungwe lofufuza limene boma linakhazikitsa mu 2013 linamva maumboni a anthu zikwizikwi amene anagwiriridwa ali ana m'sukulu, m'nyumba zopembedzera ndi m'malo osungira ana amasiye. Ambiri anadzayankhula atamera kale imvi. Pa 1 Julayi 2018 boma linayambitsa ndondomeko ya chipepeso ya mbali zitatu: ndalama zosapitirira madola 150,000 a dzikolo, uphungu wochiza mtima, ndi kupepesa kochokera ku bungwe limene linalephera kumuteteza mwanayo, ngati wolakwiridwa akufuna. Mu Okutobala chaka chomwecho nduna yaikulu, Scott Morrison, anapepesa m'nyumba ya malamulo.

Kodi Msilamu akaona zotere anene chiyani? Shariya imazindikira diya, dipo la moyo, ndi arshi, dipo la bala. Maulama a fiqhi anaphunzitsanso kuti wopha munthu akapanda kudziwika, diya ichokere m'baitul-mali, nkhokwe ya chuma cha Asilamu, kuti magazi asatayike pachabe. Choncho kupempha chipepeso si umbombo ndiponso si kusowa sabru. Ndalama sizibweza ubwana wotayika, koma ndi umboni wakuti mwanayo sananame ndipo mlandu sunali wake.

Dziwaninso kuti tchimo lolakwira munthu silifafanizika ndi istighfari yokha. Tauba yake imafuna kubweza haki kwa mwini wake. Surat At-Takwir ikutikumbutsa kuti ngakhale mwana wamkazi wokwiriridwa wamoyo mlandu wake udzamveka pa Tsiku la Kiyama.

Abale anga, chenjerani ndi chipepeso chabodza. Mwana akagwiriridwa, akulu ena amakumana usiku, nalandira mbuzi kapena ndalama, nati nkhani yathera pomwepo. Ena amamukwatitsa kwa yemwe wamuwonongayo. Umenewo ndi mtengo wotsekera mwana pakamwa, ndipo woudya akudya haramu. Muno m'Mozambique, lamulo nambala 19 la 2019 limaletsa kukwatitsa mwana wosakwana zaka 18, ndipo nambala ya foni 116, Linha Fala Criança, ilipo kuti tinenerepo nkhanza. Wolakwayo kaya ndi malume, mphunzitsi kapena mwalimu wa kumadrasa, musamubise poopa manyazi a banja kapena a mzikiti.

Ndipo inu amene mwasenza bala ili kuyambira ubwana, manyaziwo si anu. Kufuna chilungamo ndi ufulu wanu.

E Allah, chizani mitima yosweka, tetezani ana athu, ndipo apatseni atsogoleri athu mtima wa chilungamo. Amin. Imirirani tiswali.