Chitofu Chisunthe, Koma Anene Ndani?

M'nyumba zina zakale za m'minda ya tiyi ku Thyolo, ndiponso m'makomo ena kwa Nsabwe kuno, mukadali zitofu zachitsulo zolemera, za mtundu wa Dover. Zidapangidwa kuti zizidya malasha kapena nkhuni. Koma popeza malasha a m'dziko muno amakumbidwa kutali, monga ku Mchenga m'boma la Rumphi, ife timasonkhezamo bulugamu ndi makala. Limafika tsiku lakuti chitofu chotere chisunthe: mwina denga la khitchini layamba kudontha, mwina banja lamanga chipinda china, mwinanso chiperoni cha mwezi wa Juni chaluma. Pamenepo pamabuka funso looneka laling'ono, koma lokhudza chilungamo cha m'banja. Kodi woyenera kunena pokhala moto ndani, wonyamula chitsulo kapena wophikapo?

Kanyamulidwe kake sikatsutsa. Timadikira usiku wonse kuti chitofu chizizire. Timawola phulusa, timachotsa zivundikiro ndi zitseko zake, timasolola paipi ya utsi, kenaka timachikhazika pa mitengo iwiri yolimba, anthu anayi kugwira uku ndi uku, kupinda maondo osati msana. Chitsulo chake nchoumba, ndipo chikagwa chimang'aluka ngati mphika. Bambo wofuna kuonetsa nyonga payekha amataya zonse ziwiri, chitofu ndi msana womwe. Apa makolo adaphunzitsa kale kuti chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo kuitana anzathu a m'limana kuti atigwire dzanja si manyazi ai.

Chovuta chili pakuti chitofu sichisuntha chokha. Chimasuntha pamodzi ndi zinthu zimene maso sapenya. Paipi ikalumikizidwa mokhota, kapena mpata wake ukasiyidwa osamata, utsi umabwerera m'nyumba. Makala akamanyeka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wotchedwa carbon monoxide, wopanda fungo, wopanda mtundu, umene magazi athu amaugwira mwamphamvu koposa ka 200 kuyerekeza ndi mpweya wabwino. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, kenaka tulo; ndipo ena sadzuka m'tulo timeneto. Mbaula yaing'ono yolowetsedwa kuchipinda usiku wachisanu ili ndi ngozi yomweyi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, lidawerengera kuti m'chaka cha 2020 utsi wa m'nyumba udafupikitsa miyoyo ya anthu pafupifupi 3.2 miliyoni. Naye Papa Francis, m'kalata yake ya Laudato Si' ya chaka cha 2015, adatchula utsi wa pophikira pakati pa zinthu zodwalitsa amphawi.

Tsono tidzifunse: utsi umenewu amaupuma ndani? Onyamula aja ntchito yao imatha pa ola limodzi. Amamwa thobwa, nabwerera kwao. Wotsala pamotopo m'mawa, masana ndi madzulo, chaka ndi chaka, kawirikawiri ndi mai wa pabanjapo, mwana ali kumsana. Iyeyo ndiye adziwa kumene mphepo imachokera, pamene dzuwa limalowera kuti aone mumphika, ndi njira imene mwana wokwawa amakonda kudzera. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Komabe m'makomo ambiri bambo amagamula yekha, naitana anzake, mkazi nkungopeza moto wake wasamuka. Tikatero timakhala tasokoneza zinthu ziwiri zosiyana: mphamvu yochitira chinthu, ndi ufulu wochigamula.

Ena adzati: nanga ndalama zogulira chitofu adatulutsa ndani, ndipo mutu wa banja ndani? Mau amenewa sitiwapeputsa, pakuti banja lopanda womanga mfundo silisuntha kanthu. Bamboyo amadziwanso zake: khoma limene lingapirire kutentha, phaso limene lingagwire moto, mtengo wa paipi yatsopano. Koma Ambuye Yesu adatiphunzitsa kuti ukulu pakati pa ophunzira ake ndi utumiki, ndipo mtumiki sayamba ntchito asanafunse womtumikira. Thomas Aquinas Woyera, pofotokoza za khalidwe la nzeru zoongolera zochita zathu, adaika masitepe atatu: kufunsira uphungu, kuweruza, kenaka kulamula. Wolumpha sitepe yoyamba sali wolimba mtima, ali wopupuluma chabe. Adaonjezanso kuti mbali imodzi ya nzeru zimenezi ndi kulola kuphunzitsidwa ndi amene zinthu zidawaonekera.

Mfundo imeneyi sithera m'khitchini. Nthawi zonse pamene tisuntha chinthu chimene wina adzakhala nacho, kaya ndi munda, kaya sukulu ya mwana, kaya nyumba ya gogo wokalamba, kulemera kwenikweni kumagwera wotsalayo. Chikumbumtima chathu chizifunsa kuti: kodi amene adzapuma utsi wa maganizo angawa ndamumva?

Chotero chisanu chikamayandikira, mabanja athu akhale pansi mitengo yonyamulira isanadulidwe. Mai aloze malo, bambo apime khoma ndi denga, agwirizane. Chitofu chikakhazikika pa njerwa zosalala, kutali ndi udzu ndi matabwa, amate molumikizira monse, asonkhe kamoto kakang'ono zenera lili chitsekulire, ndipo onse awiri ayang'ane kumene utsi ukupita.