Makhadi a kalaliki

Kodi kalaliki amene akusewera Solitaire pa kompyuta ya kampani nthawi ya ntchito ndi mbava? Funsoli limamveka lachibwana, koma kwa ife a kwa Nsabwe kuno ku Thyolo, amene abale athu ambiri amadyera m'minda ya tiyi, silachibwana ayi.

Masewerawa anabwera ndi Windows 3.0 mu 1990. Anawakonza ndi Wes Cherry, mnyamata amene ankaphunzira ntchito ku Microsoft, ndipo kampaniyo inawaikamo kuti anthu azolowere kugwira mausi: kukoka khadi uku, kukaliika uko. Ndiye kuti poyambapo kusewerako kunali kuphunzira ntchito. Koma mu 2006 meya wa New York, Michael Bloomberg, anachotsa ntchito munthu wina atangoona makhadiwo pa kompyuta yake. Maganizo a meyayo ndi osavuta kuwamva: wolipira nthawi ndiye mwini nthawiyo.

Ine sindigwirizana nawo kwenikweni. Ntchito ya mu ofesi ya esiteti ili ndi kudikira kwambiri. Umadikira mapepala a kusikelo, umadikira thirakitala ya masamba, umadikira abwana asayine. Ngati mabuku ali bwinobwino ndipo palibe chatsala, munthu akasanja makhadi kwa mphindi khumi kampani yataya chiyani? Akanangokhala n'kumayang'ana khoma, palibe akanamutcha wakuba. Ulesi umene mabwana amadana nawo nthawi zambiri ndi wooneka ndi maso basi.

Pamene pamandivuta ine ndi pawindo.

Wothyola tiyi sagulitsa nthawi ngati kalaliki. Amagulitsa makilo. Amalawira mame asanaume, dengu kumsana, kuthyola masamba awiri ndi kansonga, ndipo chimene chimalankhula ndi sikelo. Akaima, dengu laimanso. Tsono mayi wotereyu akasiya mzere wake kudzafunsa chifukwa chimene malipiro ake aperewera, mphindi iliyonse imene waima pawindopo akuilipira yekha. Kalaliki uja akamuuza kuti "Tadikirani kaye mayi, kompyuta ikuvuta," kwinaku akusaka poika seveni yofiira pa eyiti yakuda, pamenepo ndiye waba. Sanabere kampani. Wabera munthu amene sangamuchotse ntchito, amene sadziwa n'komwe kuti akuberedwa.

Ife a m'maboma a minda ino mawu akuti thangata timawadziwa. Kale ankatanthauza kuthandizana kumunda. Atsamunda anawasandutsa ntchito yolipirira malo okhala, masiku a munthu n'kumangopita osawerengedwa bwino. Sindikuti kalaliki ndi mtsamunda, ayi ndithu, nayenso malipiro ake safika pa 20. Koma chizolowezi choona nthawi ya mmphawi ngati madzi a mumtsinje sichinapite ndi azungu.

Taganizirani bawo. Bawo amasewera pansi pa mtengo, anthu awiri, enanso ataunjikana. Aliyense akuona kuti mukucheza, ndipo wofuna thandizo amangoti "Pepani achimwene, tabwerani kaye." Solitaire ndi ya munthu mmodzi, kompyuta itafulatira anthu. Nkhope imachita kukwinyika ngati ya munthu amene akuwerengera ndalama za boma, chala chikugogoda mausi. Kusewera kwake kumavala yunifolomu ya ntchito, n'chifukwa chake woima panja amachita manyazi kukusokoneza, mwinanso amakumvera chisoni kuti watanganidwa.

Ndinaperekezapo mayi anga aang'ono pawindo lotere, pa esiteti ina. Tinaima kuyambira 10 koloko. Kumbuyo kwa kalalikiyo kunali kabati ya magalasi, ndipo m'galasimo ndinkaona bwinobwino tebulo lobiriwira lija, makhadi akusuntha limodzilimodzi. Mayi aang'onowo sankaliona. Ankangondinong'oneza kuti ndisapange phokoso, abwanawo ali pa ntchito.