Kodi Lamulo Likasintha, Mlandu Watha?

Kutamandidwa konse nkwa Allah, amene adalenga wakuda ndi woyera kuchokera kwa kholo limodzi, Adam. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Muhammad, akubanja kwake ndi Maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, mashehe athu amatiphunzitsa kuti kulapa kumafuna zinthu zitatu: kusiya tchimo, kumva chisoni chifukwa cha tchimolo, ndi kutsimikiza mumtima kuti sudzabwereranso. Koma tchimo likakhala lolakwira munthu mnzako, pamabwera chachinayi, chomwe ndi kubweza chimene udamulanda. Wakuba mbuzi angalire misozi nalumbira, koma mbuziyo ikadali m'khola mwake, kulapa kwake sikunakwane. Ndi muyeso umenewu tiyese mbiri ya anthu akuda a ku America.

Ukapolo udathetsedwa m'dzikomo mu 1865. Mu Januwale chaka chomwecho, mkulu wa asilikali William Sherman adalamula kuti mabanja omasulidwa apatsidwe minda yofika maekala 40. Chaka chisanathe, Pulezidenti Andrew Johnson adabweza mindayo kwa eni akapolo aja. Unyolo udadulidwa, koma thukuta la mibadwo yambiri silidalipidwe. Kenaka madera akumwera adakhazikitsa malamulo a tsankho otchedwa Jim Crow: sukulu padera, zipatala padera, ngakhale mpope womwera madzi padera.

Anthu oponderezedwawo sadakhale chete. Pa 1 Disembala 1955, mayi Rosa Parks adakana kusiyira mzungu mpando m'basi mumzinda wa Montgomery, ndipo anthu akuda adanyanyala mabasi kwa masiku 381, akuyenda pansi kupita kuntchito. Pa 15 Seputembala 1963, bomba lidapha atsikana anayi m'tchalitchi ku Birmingham. Mu 1964 lamulo loletsa tsankho lidasainidwa, ndipo mu 1965 lidatsatira loteteza ufulu wovota. M'bale wathu Malcolm X, atachita Hajj mu 1964, adachitira umboni kuti ku Makka adadya ndi kuswali pamodzi ndi anthu a khungu lililonse. Adaphedwa ku New York pa 21 Febuluwale 1965. Martin Luther King adaphedwa ku Memphis pa 4 Epulo 1968.

Kupambana kumeneku nkwenikweni, ndipo kudagulidwa ndi magazi. Komabe funso lathu lidakalipo: kodi cholandidwa chidabwezedwa? Kuyambira m'ma 1930, boma ndi mabanki ankalemba mzere wofiira pamapu kuzungulira madera a anthu akuda, nawamana ngongole zogulira nyumba. Mchitidwewu udaletsedwa mu 1968, koma panthawiyo mabanja a azungu anali atagula kale nyumba zosiyira ana awo. Nchifukwa chake kafukufuku wa Federal Reserve wa 2022 adapeza kuti banja wamba la azungu lili ndi chuma choposa cha banja wamba la anthu akuda pafupifupi kasanu ndi kamodzi. Ndipo pa 25 Meyi 2020, George Floyd adafa bondo la wapolisi lili pakhosi pake ku Minneapolis.

Wina anganene kuti olakwawo adamwalira kale, nanga adzukulu awo alakwanji? Nzoona kuti m'Chisilamu palibe amene amasenza tchimo la mnzake. Koma tchimo ndi katundu nzosiyana. Mwana salowa m'tchimo la atate ake, koma munda wolanda ukamupeza ngati cholowa, sukhala halali chifukwa choti wolandayo ali m'manda. Makolo athu adati mlandu suola.

Tisaloze chala kutali kokha. Kuno kwathu malamulo a Apwitikizi osiyanitsa mbadwa ndi azungu adathetsedwa mu 1961, ndipo ufulu udabwera pa 25 Juni 1975. Tisaiwalenso kuti pa malonda a akapolo odutsa nyanja ya Niassa kupita kugombe, ena mwa ogulitsa anthu anali Asilamu. Lero alipo amene amakaniza mwana wawo ukwati pokumbutsa kuti agogo a wofunsirayo anali kapolo. Alipo olemba ntchito amene amaima phewa ndi phewa ndi wantchito wawo pa Swala, koma kumathero kwa mwezi amamumana malipiro.

Swahaba Abu Dharr tsiku lina adanyoza munthu potchula amayi ake, ndipo Mtumiki adamudzudzula kuti mwa iye mudakali khalidwe la nthawi ya umbuli. Abu Dharr sadalekere pa kupepesa. Patapita zaka, anthu adamupeza ku Rabadha atavala chovala chofanana ndi cha wantchito wake. Kulapa kwake kudaoneka ndi maso.

Choncho aliyense wa ife adzifunse asanatuluke mumzikiti muno: m'manja mwanga muli chiyani cha mwini wake? Ngati ndi malipiro, perekani. Ngati ndi malire a munda, bwezani. Ngati ndi ulemu umene mudachotsa munthu chifukwa cha khungu kapena mtundu wake, kaubwezeni pamaso pa omwe adamva chipongwe chanu. Pa Tsiku la Chiweruzo sikudzakhala ndalama zolipirira, malipiro adzachotsedwa pa ntchito zathu zabwino.

Allah atiyeretse mitima ku kudzikweza, apereke chilungamo kwa oponderezedwa kulikonse kumene ali, ndipo atipatse mphamvu yobweza za eni ake imfa isanatipeze. Amin.