Ngongole ya Wolemba Njira ndi Ngongole ya Woyenda

M'dziko la Switzerland, kumtunda kwa mudzi wa Kandersteg, kuli nyanja yaing'ono yotchedwa Oeschinensee. Ili pamalo okwera mamita 1,578, ndipo kukula kwake kumangopitirira pang'ono sikweya kilomita imodzi. Ife amene tinakulira m'mphepete mwa Nyanja ya Malawi tikhoza kuitcha dziwe. Inapangika kalekale pamene mbali ya phiri inagumuka n'kutseka chigwa, ndipo mpaka lero madzi ake amatuluka mobisika, kudzera pansi pa miyala ya chigumukirecho. M'nyengo yozizira pamwamba pake pamaundana. Yazunguliridwa ndi matanthwe ataliatali, ndipo pamwamba pa matanthwewo pali nsonga za mapiri a Blüemlisalp ndi Doldenhorn, zopitirira mamita 3,600.

M'mapiri amenewa mwadutsa tinjira ta oyenda pansi. Ina imakwera kuchoka kunyanja kukafika ku msipu wa ng'ombe wa Oberbärgli, n'kukhota kudzera ku Heuberg, kumene munthu amayenda m'mbali mwa phompho madzi akuoneka pansi patali. Ina imapitirira mpaka pa mpata wa Hohtürli, pa mamita 2,778, kutsala pang'ono kufanana ndi nsonga ya Sapitwa ya ku Mulanje. Mlendo amene sanapondeko n'kale lonse amatha kuyenda njira zimenezi popanda womuperekeza. Chomutsogolera ndi penti basi: mizere itatu pa mwala, woyera, wofiira ndi woyera, kenako mizere ina yotero pa mwala wina kutsogolo.

Abale ndi alongo, funso limene tikufuna tilingalire lagona pa penti imeneyi. Munthu akuika moyo wake m'manja mwa wina amene sanamuonepo ndiponso sadzamuona. Kodi wopaka pentiyo ali ndi ngongole yanji kwa woyendayo? Nanga woyendayo, akaterereka n'kugwa, mlandu ndi wa yani?

Tiyambe ndi mbiri ya zizindikirozi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, mphunzitsi wina dzina lake Jakob Ess ankayenda ndi ana a sukulu kudutsa mpata wa Klausen. Ankayenda mumsewu wa magalimoto, fumbi ndi utsi zili koboo, ngakhale kuti tinjira tabwino tinalipo chapafupi. Tinjirato sitinali ndi chizindikiro chilichonse, choncho mlendo sakanatidziwa. Maganizo olemba njira anayambira pamenepo, ndipo m'chaka cha 1934 kunakhazikitsidwa bungwe la dziko lonse loyang'anira ntchitoyi. Mu 1979 anthu a dzikolo anavota kuti nkhani ya njira za oyenda pansi ilowe m'malamulo aakulu a dziko. Lero njira zolembedwa zimapitirira makilomita 65,000, mtunda wokwanira kuzungulira dziko lapansi kamodzi ndi theka.

Zizindikirozo zili m'magulu atatu. Chikasu chimatanthauza njira imene munthu wamba angayende popanda luso lapadera. Choyera, chofiira ndi choyera chimatanthauza njira ya m'phiri, yotsetsereka, yopapatiza, yofuna nsapato zolimba, phazi lokhazikika ndi mutu wosachita chizungulire. Choyera, buluu ndi choyera chimatanthauza njira yoopsa kwambiri, imene nthawi zina imadutsa pa madzi oundana kapena pamalo okwera ndi manja omwe. Zikwangwani zambiri sizinena makilomita. Zimanena maola ndi mphindi, powerengera kuti munthu amayenda makilomita 4.2 pa ola limodzi pamalo athyathyathya, n'kuwonjezerapo nthawi ya chitunda, osaphatikizapo kupuma.

Apa tikuona ngongole yoyamba ya wolemba njira, imene ndi kunena zoona ngakhale zitabweza anthu. Tisaiwale kuti alendo ndi chuma. Wogulitsa chakudya, mwini nyumba yogona, woyendetsa tingolo toyenda pa chingwe, onsewa amapindula anthu akachuluka. Kukanakhala kosavuta kupaka chikasu pa njira yoyenera mzere wofiira kuti ambiri alimbe mtima. Palibe amene akananama ndi pakamwa, koma mwalawo ukananama tsiku lililonse kwa aliyense wodutsa. Bodza lolembedwa pa njira ndi loipa kuposa bodza la pa bwalo, pakuti wonamizidwayo alibe mpata wofunsanso, ndipo amazindikira chinyengocho ali kale pamalo ovuta kubwerera.

Ngongole yachiwiri ndi kusatopa. Penti imafufutika. Chipale cha m'nyengo yozizira chimagwetsa zikwangwani, mvula imakokolola masitepe, miyala imatseka njira. Chaka ndi chaka pamafunika anthu okwera ndi chitini cha penti ndi burashi, ndipo ambiri mwa iwo ndi ongodzipereka. Chizindikiro chosiyidwa osachikonza chimasanduka msampha, chifukwa chimapitiriza kuitana anthu ku njira imene inawonongeka. Amene wayamba kutsogolera anthu sangangochoka mwakachetechete. Ayenera kupitiriza, kapena kulengeza poyera kuti njirayo yatsekedwa.

Palinso china chokhudza ntchito imeneyi chimene chimatichititsa manyazi tikadziyerekeza nacho. Wopaka penti sasankha woti apindule. Sadziwa ngati wodutsa mawa ndi mbale wake kapena mlendo wa chilankhulo china, wolemera kapena wosauka, woyamika kapena wonyoza. M'nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, asilikali a dzikolo analamula kuti zikwangwani zichotsedwe, poopa kuti zingatsogolere adani ngati atalowa. Lamulo limenelo likutsimikiza mfundo yathu: chizindikiro choona chimathandiza aliyense wochiwerenga. Ubwino wambiri umene timachita umayembekezera zikomo kapena kubwezeredwa tsiku lina. Uwu ndi ubwino wochitira munthu wopanda nkhope, ndipo ndi muyeso wabwino woyesera ngati mtima wathu umakondadi chabwino kapena umakonda kutamandidwa.

Tsopano titembenukire kwa woyenda. Chaka chilichonse anthu amafa m'njira za m'mapiri a dzikolo, ambiri chifukwa choterereka kapena kupunthwa pamalo otsetsereka. Wina akhoza kunena kuti: ngati boma ndi mabungwe alemba njira, ndiye kuti alonjeza kuti njirayo ndi yotetezeka, ndipo aliyense wovulala ali ndi chifukwa chowaimba mlandu. Maganizo amenewa ali ndi mbali yoona. Mlatho wowola umene ukuoneka wolimba, kapena chingwe chogwirira chimene chazuka osakonzedwa, ndi mlandu wa osamalira njira, pakuti woyenda sakanatha kuzindikira ngoziyo ndi maso ake. Koma mzere wofiira sunalonjezepo kuti munthu sadzagwa. Unanena kuti pano munthu akhoza kugwa. Mwala umadziwa njira, koma sudziwa woyendayo. Sudziwa kuti bondo lake ndi lofooka, kuti wavala nsapato zoterera, kuti wanyamuka dzuwa litapendeka, kapena kuti mitambo yayamba kusonkhana kuseri kwa phiri. Zimenezi amazidziwa ndi mwini wake yekha. Choncho ngongole yaikulu ya woyenda ndi kudziuza zoona. Wolemba njira asaname za phiri, woyenda asaname za iye mwini.

Wina angafunsenso kuti: bwanji osangomanga mpanda m'mbali monse, kapena kutseka njira zonse zoopsa? Moyo wa munthu si woposa chisangalalo cha kuona nyanja uli pamwamba? Funsoli ndi lolemera ndipo sitiyenera kulipeputsa. Koma mpanda wa makilomita zikwizikwi sungamangike, ndipo ukanamangika ukanaphunzitsa anthu kuti kusamala ndi ntchito ya wina. Munthu wozolowera kutetezedwa paliponse amaleka kuyang'ana pamene akuponda, ndipo tsiku limene mpanda wathyoka ndi iye amene amayamba kugwa. Kulemekeza munthu wamkulu ndi kumuuza zoona zonse n'kumusiyira chisankho. Mwana timamugwira dzanja, koma cholinga cha kulera ndi chakuti tsiku lina adzathe kuwerenga yekha zizindikiro.

Komabe ufulu umenewu uli ndi malire, chifukwa m'phiri palibe amene amayenda yekha ngakhale ataoneka kuti ali yekha. Mwala umene waugunda mosasamala umakagwera amene ali m'munsi. Chipata cha msipu chimene wasiya chotsegula chimasokeretsa ng'ombe za mwini. Ndipo wouma mutu akakanirira pa thanthwe usiku, ena ayenera kudzuka, kukwera helikopita kapena kumanga zingwe, kuika miyoyo yawo pachiswe kuti amutsitse. Mawu akuti “moyo ndi wanga” amamveka amphamvu pokwera, koma pa nthawi ya ngozi amalipira ndi ana a eni. N'chifukwa chake kubwerera panjira si manyazi. Amene wafika pa Oberbärgli, n'kuona kuti mnzake watopa kapena nyengo yasintha, n'kunena kuti Hohtürli tidzaiona tsiku lina, wachita chinthu chovuta kuposa kukwera, pakuti wagonjetsa mtima wofuna kuoneka wamphamvu. Gulu labwino limayenda pa liwiro la wofooka mwa iwo.

Chiyeso chachikulu chimabwera pamene njira yatsekedwa koma ngozi sikuoneka. Pamwamba pa Oeschinensee pali dera la phiri lotchedwa Spitze Stei, limene miyala yake yambirimbiri ikusuntha pang'onopang'ono kulowera kumunsi. Akatswiri amaliyang'anira ndi zipangizo usana ndi usiku, ndipo malo ena a m'munsi mwake ndi oletsedwa. Mlendo wofika tsiku la dzuwa amaona phiri lili zii, ndipo mtima umamuuza kuti chikwangwanicho chikukokomeza. Koma kuseri kwa mapiri omwewo, m'chigwa cha Lötschental, kunali mudzi wa Blatten. Mu Meyi 2025 anthu ake pafupifupi 300 anauzidwa kuti asamuke, ndipo anamvera, natulutsa ndi ziweto zomwe. Patapita masiku oposa sabata, pa 28 Meyi, miyala ndi madzi oundana zinagumuka n'kukwirira pafupifupi mudzi wonse. Munthu mmodzi anataya moyo. Nyumba zinapita, koma anthu anatsala chifukwa anakhulupirira chenjezo asanaone umboni ndi maso.

Tivomereze kuti machenjezo ambiri amatha popanda choopsa kuchitika. Asodzi athu akudziwa zimenezi: a zanyengo amalengeza za mwera, wina amakhala pagombe n'kugona ndi njala, mnzake amalowa n'kubwera ndi usipa. Koma kupulumuka kamodzi si umboni woti chenjezo linali labodza. Chenjezo limanena za chimene chingachitike, ndipo mtengo wa kumvera pachabe ndi tsiku limodzi, pamene mtengo wa kunyozera pa tsiku lolakwika ndi moyo. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Mbali inayo, wochenjeza naye asamaopseze anthu pa zinthu zopanda pake, chifukwa akatero amawononga chikhulupiriro chimene adzachifune pa tsiku la ngozi yeniyeni.

Ambiri a ife sitidzaponda m'mapiri amenewo, koma tonse ndife olemba njira kwa wina. Kholo, mphunzitsi, nankungwi, mwini bwato wophunzitsa mnyamata, onsewa amapaka penti pa miyala imene ena adzaitsata. Taganizirani za m'bale wobwera kuchokera ku Joni ndi foni yatsopano ndi malata a nyumba. Achinyamata akamuzungulira, amawauza chiyani? Akatchula malipiro okha, n'kubisa za kugona mothithikana, za mantha okhala opanda mapepala ndi za miyezi yosowa ganyu, wapaka chikasu pa njira ya mzere wofiira. Sitikunena kuti awaletse, pakuti njirayo ilipo ndipo ena yawathandiza. Tikunena kuti atchule mtundu wake weniweni ndi maola ake enieni, kuti wonyamukayo anyamuke akudziwa. Chimodzimodzi pa nkhani ya banja, ya ngongole ndi ya malonda. Ndipo wachinyamatayo naye ali ndi mbali yake: kufunsa, pakuti safunsa anadya phula, ndi kudziyesa moona mtima ngati miyendo yake ikukwanira ulendowo.

Yankho la funso lathu, tsono, ndi lakuti ngongoleyi ndi ya mbali ziwiri, ndipo palibe mbali imene ingalipire m'malo mwa inzake. Wotsogola anene zoona, akonze zizindikiro zake zikafufutika, ndipo atseke njira ikawonongeka. Wotsatira awerenge, adziyese, amvere chenjezo, ndipo akumbukire amene ali m'munsi mwake. Tisanagone lero, aliyense wa ife adzifunse kuti ndi njira iti imene waionetsa kwa mwana kapena kwa mng'ono wake ngati yosavuta pamene iye akudziwa kuti ili ndi phompho, ndipo mawa apite akamuuze zoona.