Kodi Luso Nlobadwa Nalo?

Anthu akhala akutsutsana za luso kuyambira kale. Ena amati mwana wa wosula makasu adzasula basi, pakuti luso lili m'magazi. Ena amati luso limachokera kwa anthu amene mwanayo wakulira pakati pawo. Mlandu umenewu uli ndi mboni yachilendo, ndiyo kanyama ka m'nyanja yamchere kamene Angerezi amakatcha sea urchin. Nkozungulira, ndipo thupi lake lonse ndi minga ngati nungu.

Thupi la nyama iliyonse limamangidwa ndi tizipinda tamoyo tosaoneka ndi maso, totchedwa maselo. Dzira la kanyamaka limayamba ngati selo imodzi, nkugaŵika paŵiri, kenaka panayi, mpaka maselo akwane 16. Mwa ameneŵa, 4 ndi aang'ono kuposa anzawo, ndipo mwa zidzukulu zawo ndimo mumatuluka amisiri omanga mafupa a kamwanako. Amisiriwo amaloŵa m'kati mwa mluza, nagwirana mozungulira, naunjikana malo aŵiri. Pa mulu uliwonse pamaoneka kanjere ka laimu, kamene kamaphuka nthambi zitatu monga phazi la nkhuku. Nthambizo zikatalika zimakhala nsichi zochirikiza timikono ta kamwanako.

M'chaka cha 1975 Kayo Okazaki wa ku Japan adapatula timaselo tating'onoto, natilera patokha m'mbale. Tidapangabe timafupa. Apa onena kuti luso nlobadwa nalo angathe kuomba m'manja, koma asafulumire. Za m'mbalezo zimakhala timitengo chabe, osati chimango chathunthu cha thupi. M'kati mwa mluza, khungu lakunja ndilo limatulutsa mankhwala oitana amisiriwo, kuwasonyeza pounjikana ndi kolozetsa nthambi. Mmisiri ali nalo dzanja, koma muyeso wa nyumba amaulandira kwa anansi ake.

Kanyama si munthu ayi, ndipo sikangaweruze mlandu wa anthu. Komabe umboni wake wotsiriza uyenera kumveka kwa kholo limene limati mwana wakutiyu sadabadwire sukulu, ndi kwa wamkulu waimvi amene amachita manyazi kugwira pensulo poganiza kuti kulemba nkwa mtundu wina wa anthu. Mawu otere amatseka khomo munthu asanayesedwe nkomwe.

Umboniwo ndi uwu. M'chaka cha 1988 Charles Ettensohn ndi David McClay a ku America adalengeza zimene adaona atachotsa amisiri onse aja m'mluza. Munthu akadayesa kuti kamwanako kakula kopanda fupa. Koma maselo ena, amene mwa masiku onse amagwira ntchito zina, adasiya zawozo nasanduka omanga. Mphamvuyo adali nayo chikhalire, koma sinkaoneka pamene eni ntchito adalipo. Mafupa adatuluka mochedwa, koma adatuluka ndi maonekedwe ake oyenera.